Jiki pa Nkhuku za Gregi

Tadala ndi Chisomo, mutu uno ndinkafuna kuudumpha. Wandikakamiza ndiwe, Tadala, pakuti wapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi ku Thailand ndipo masiku ano umangokhalira kundiwerengera pafoni zimene azungu okhala kumeneko amalemba: uyu akuti anthu ake ndi okoma mtima koposa, uyo akuti ndi achiphamaso, wina akuti chakudya cha m'misewu chimaposa cha m'mahotela, winanso akuti chinamugoneka m'chipatala. Ndikafunsa kuti olembawo ndani ndipo akufunanji, umangoti, "Dad, relax." Ine ku Thailand sindinapondeko. Koma ndinagwira ntchito m'khitchini yophika chakudya cha kumeneko konkuno ku Mississauga, ndipo akatswiri a mtundu umenewu ndinawamvera mpaka makutu kuwawa. Ndi pantchito yomweyo pamene ndinachotsedwa, ndipo mpaka lero Amalawi ena kuno amanong'onezana kuti a Nkhoma anaba nyama ya mzungu. Inu munali ana, sitinakuuzeni. Tsopano mwakula, werengani nokha.

Zaka za m'ma 1980: pamsika

Ntchito yanga yoyamba inali pamsika wina waukulu kumwera kwa Malawi, monga wothandizira woyang'anira zaukhondo. Bwana wanga anali Bambo Namate, munthu wamfupi, wosaseka, amene ankanunkhiza chilichonse asanachilawe, ngakhale tiyi wophika akazi awo. Zipangizo tinalibe. Chopimira kutentha chinali chimodzi pa ofesi yonse, ndipo chinkakhala chokiyidwa m'kabati kuopa kuti tingachiswe. Inki ya chidindo ikatha tinkathiramo madzi, njinga tinkabwerekana. Chimene tinali nacho ndi mphuno, maso ndi mpeni. Nditangoyamba kumene ndinaletsa mbuzi ina yomwe chiwindi chake chinali ndi mawanga. Mwini wake anavomera mwaulemu zedi, anandithokoza, mpaka anandithandiza kukumba dzenje kuseri kwa msika. Ndinabwerera ku ofesi mapewa ali m'mwamba. Masana a tsiku lomwelo Bambo Namate ananditengera kwa anyamata a chiwaya n'kundilozera mbuzi yanga ija ikukazingidwa, dothi atalitsuka bwinobwino.

Sanandikalipire. Anangotulutsa botolo la parafini m'chikwama chawo n'kundiuza kuti nyama yoletsedwa sukwirira chomwecho. Umayamba waithira parafini mwini wake akuona, apo ayi imadzuka n'kukafika pamsika iwe usanafike. Anawonjeza kuti munthu akakuvomera msanga uku akumwetulira, ndiye uyambe kucheuka. Kuchokera tsiku limenelo ndinkayenda ndi botolo langa, ndipo mayi anu anandidziwa ndikununkha parafini. Kukayikira kumene mumachita nako manyazi kuja, kong'amba nkhuku mpaka pafupa m'nyumba za eni, kunayambira pamenepo. Sindinapepesepo chifukwa cha khalidwe limeneli ndipo sindiyamba lero.

Chaka chimene Chisomo anabadwa, ndi zotsatira zake

Mayi anu ndiwo anatsogola kubwera ku Canada, pa ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinatsatira pambuyo nditakunyamula iwe, Tadala, ndipo Chisomo anabadwira konkuno. Mapepala anga a zaukhondo anthu a kuno anawalandira ngati chiphaso cha ubatizo: anawalemekeza, koma ntchito sanandipatse nawo. Ndinayamba ndi kunyamula makatoni mu weyahausi ina ku Brampton, ndikusinthasintha mabasi m'chipale chofewa, msana ukulira. Kenaka ndinalowa m'khitchini yaikulu yophikira chakudya cha m'ndege, kufupi ndi bwalo la ndege. Kumeneko ndiye ndinasangalala. Zopimira kutentha zinali paliponse, aliyense ndi chake m'thumba, ndipo munthu ukakayikira mnzako ankakuyamikira m'malo mokuda. Ndinkaganiza kuti ndidzapumira pamenepo. Koma kampani inachepetsa antchito, ndipo dzina langa linali m'gulu la opita, imvi zitayamba kale. Munthu wa imvi, wa Chingerezi cha ku Mulanje, kuno ntchito saipeza msanga. Ndinakhala miyezi ndikutsuka mbale za m'nyumba mwanga, mayi anu akugwira mashifiti awiri, ndipo zinkandiwawa mumtima. Tsiku lina ndinaona chipepala pachitseko cha malo odyera ena, pakati pa shopu ya matayala ndi ya okonza zikhadabo, choti akufuna munthu wodziwa za mafiriji ndi kulandira katundu.

Zaka za kwa Gregi

Mwini malowo anali Gregi, mzungu wa konkuno, wamtali, wofiira nkhope, wovala malaya a maluwa ngakhale kunja kukuzizira kodula makutu. Anakhala ku Thailand zaka zambiri akuyendetsa bala m'mphepete mwa nyanja, ndipo anabwerako ndi mawu ochepa a chinenero chawo koma maganizo osasimbika. Ntchito yanga inali kulandira katundu, kusamala mafiriji ndi kutsuka. M'chilimwe tinkatuluka ndi tenti kukagulitsa pa zionetsero za chakudya cha m'misewu, zimene kuno amachitira m'malo oimika magalimoto. Chimene chinkayenda malonda kwambiri ndi kanyenya wa nkhuku wobaya pa timitengo.

Loweruka lililonse masana tebulo la pakona linkadzaza ndi anzake a Gregi, onse oti anakhalako ku Thailand. Ine ndinkapukuta matambula chapafupi, khutu lili komweko. Wina ankati mawaya a magetsi kumeneko amalendewera ngati chitedze, banja lonse limakwera njinga yamoto imodzi popanda chipewa, ndipo mawu oti chitetezo sawadziwa. Mnzake ankati amenewo ndiye moyo, osati kuno kumene lamulo limakutsata mpaka m'chimbudzi. Wina ankalumbira kuti anthu aja ali ndi mimba zachitsulo, nyama imakhala padzuwa tsiku lonse koma palibe amadwala. Gregi ankatseka nkhani ndi yake ya nthawi zonse, yoti munthu wa ku Thailand sakana: umuuze chilichonse amwetulira n'kuvomera, koma zimene akuganiza sudzazidziwa mpaka kufa. Dzikolo ankalisowa n'kumalinyoza pakamwa pomwepo. Ndinaonanso kuti pa onsewo panalibe amene akanatha kucheza ndi wophika wathu m'chinenero chake kupitirira kuitanitsa mowa. Amuna otere ndinawaonapo kwathu, atakhala pakhonde la kalabu akufotokozerana kuti Mmalawi ndi waulemu koma waulesi, wowaperekera zakumwa ataima pomwepo. Choncho sindinawakhulupirire. Komabe ya kumwetulira ija inandikanirira m'mutu, chifukwa Bambo Namate ananenanso zofanana.

Wophika wathuyo anali Noi, mayi wochepa thupi, wa manja ofulumira, wochokera kumpoto chakum'mawa kwa dziko lawo, kumene anakulira akugulitsa chakudya pangolo ya mayi ake mumsewu. Gregi ndiye anamuitanitsa, ndipo pemiti yake yogwirira ntchito inali yolembedwa dzina la malo odyerawo. Kuchotsedwa ntchito, kapena malowo kutsekedwa, kwa iye kunali kukwera ndege yobwerera kwawo. Kwawo anasiya mwana wamkazi, ndipo ankadikira kukwanitsa zaka zofunika kuti apeze mapepala okhazikika n'kumutenga. Ine ankanditchula kuti Lung, kutanthauza malume, ndipo ankamwetulira kuyambira kutsegula mpaka kutseka. Ndinkamukayikira kwambiri. Pamwamba pa khomo la khitchini anaika kashelefu, ndipo m'mawa uliwonse ankayikapo kambale ka mpunga, maluwa, lubani ndi botolo la chakumwa chofiira chotsegula kale, n'kuwerama manja atawaphatikiza. Mwana wa ku Mulanje aliyense akaona zimenezo pamalo a malonda amadziwa choganiza. Ndinakauza mayi anu kuti kuntchito kuli mankhwala okopera makasitomala, iwo n'kundilangiza kuti ndizipemphera ndisanadye ndipo ndisakhudze kashelefuko. Analinso ndi mtsuko wa nsomba zovunditsa zothira mu saladi ya papaya, wonunkha ngati usipa wogonera pamvula. Mtsuko umenewo ndinaulondalonda chaka chathunthu ndikudikira kuti udwalitse munthu. Sunadwalitse aliyense, ndipo kunena zoona zinandikwiyitsa.

Gregi nayenso sindinamusiye. Chilimwe chikayandikira ankafuna nkhuku zambiri zotchipa, ndipo anayamba kugula kwa munthu wina wa vani yopanda dzina, wobwera kukhomo la kumbuyo Lachinayi m'mawa. Makatoni ake ena ankafika atanyowa pansi, ndipo ukatsegula mphuno inkakuuza zonse. Ndinamuuza Gregi. Iye anandisisita paphewa n'kunena kuti chakudya cha mumsewu sichifuna mantha a m'ndege, moto umapha chilichonse, ndipo ku Bangkok zoterezi ndi za tsiku ndi tsiku. Akatero ankatembenukira kwa Noi kuti amuvomereze, Noi n'kumwetulira, "Inde, bwana." Ndinkabweza makatoni oipitsitsa, koma Gregi akalandira yekha ine kulibe, zonse zinkalowa m'firiji.

Tsiku lina Gregi anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti nkhuku zikusowa. Zolowa ndi zotuluka sizinkagwirizana, ndipo iye ankadziwa kale wakuba. Anati anthu aja ndi otero, amakusekerera uku akukudyera masuku pamutu, ndipo ine, popeza ndimakayikira ndi mthunzi wanga womwe, ndimuyang'anitsitse Noi n'kumubweretsera umboni. Ndinavomera, pakuti inenso ndinali nditaona kanthu. Lachinayi lililonse Noi ankabwera ndi chikwama chachikulu cha buluu chili chopwepwetala, ndipo nthawi yopuma masana ankatuluka nacho chitalemera mbali imodzi. Ndinaganiza kuti akugulitsa kwa anzake, kapena kuti ali pa mgwirizano ndi wa vani uja. Lachinayi lotsatira ndinavula epuloni n'kumutsatira chapatali. Sanalowere kokwerera basi. Anazungulira kuseri kwa shopu ya matayala, kumene kunali mabini akuluakulu a zinyalala, anayang'ana uku ndi uku, anatsegula bini n'kukhuthuliramo mapaketi a nkhuku za wa vani uja. Kenaka anatulutsa botolo loyera m'chikwama muja n'kuthira pamwamba pake mosamala, kuchokera kona iyi kufika kona iyo. Fungo linandipeza ndisanafike. Inali jiki.

Ndinaima chilili, mtima uli kuseri kwa msika kuja ndi Bambo Namate. Wakuba sathira jiki pa zimene waba. Noi atandiona anamwetulira monga mwa nthawi zonse, koma chitsekerero cha botolo chinamupulumuka n'kugwa pansi. Ndinamufunsa chifukwa chothirira jiki, ndipo anati pali anthu osowa pokhala amene amafufuza m'mabini amenewo. Ndinamufunsanso chifukwa chimene ankavomerera Gregi pa zoti kwawo nyama yotere imadyedwa.

"Lung, mumsewu mwathu odya lero ndi omwewo odzadya mawa," anatero, akufunafuna mawu a Chingerezi. "Mmodzi akadwala, msewu wonse umadziwa ngolo yake, ndipo mayi anga akanachita manyazi kutuluka panja. Bwana ankadya m'misewu ya alendo, kumene wodya lero mawa wakwera ndege. Koma ndi bwana, ndi amene anandibweretsa. Kwathu wamkulu sumuchititsa manyazi pamaso. Ndimangoti inde, kenaka ndimachita zoyenera."

Zimenezo sizinali zachilendo kwa ine. Nanenso ndinakula ndikunena kuti chabwino bwana kwa anthu amene ndinalibe nawo cholinga chowamvera. Sindinamuuze kuti ndamukhulupirira, chifukwa sindinamukhulupirire kwathunthu. Ndinamutsatiranso Lachinayi lina osamuuza, kuti ndione ngati sanandichitire sewero, ndipo anachita zomwezo. Kwa Gregi ndinkangoti ndikufufuzabe. Ndinalingalira zoimbira oyang'anira zaukhondo a mzinda, pakuti nambala yawo ndinali nayo, koma akanatseka malowo, ndipo wolangidwa kwenikweni akanakhala Noi ndi mwana wake. Nkhani imeneyi inandisowetsa mtendere masabata angapo, mpaka mayi anu anayamba kuganiza kuti mankhwala a pakashelefu aja andigwira.

Chilimwe chomaliza

Zinaphulika Loweruka lina lotentha kwambiri, pa chionetsero cha chakudya m'malo oimika magalimoto a sitolo ina yaikulu. Kanyenya yense tinamubaya pa timitengo dzulo lake, ndipo Gregi anamusunga m'vani ya firiji imene anabwereka, nkhuku zake zochokera kwa munthu wake uja. M'mawa nditatsegula chitseko cha vani, m'malo mwa mphepo yozizira ndinalandiridwa ndi mpweya wofunda. Firiji inali itafa, ndipo palibe ankadziwa kuti inafa liti. Ndinabaya chopimira changa mu thileyi yoyamba, kenaka ina ya pansi, koma sindinafunikire n'kuwerenga komwe. Nyama inali yoterera, ndipo fungo linali litayamba kupyola adyo ndi zonunkhiritsa zonse.

Ndinamuitana Gregi. Anayang'ana mathileyi, anayang'ana anthu amene anali atayamba kale kufola, ambiri atagwira ana kumanja, ndipo nkhope yake inafiira kuposa kale. Anati tiwotche kwambiri, tithire msuzi wambiri, palibe adzadziwe. Anzake awiri a tebulo la pakona anali pomwepo ndi matambula awo, ndipo mmodzi anaseka n'kunena kuti tsopano ndiye chakudya chafanana ndi chenicheni cha kumeneko. Gregi anatembenukira kwa Noi n'kumuuza kuti ayike kanyenya pamoto. Noi anamwetulira, anati inde bwana, ndipo anayamba kukonza makala. Ankawakonza pang'onopang'ono, kuwasuntha uku, kuwabweza uko, kupemerera moto woyaka kale. Ndinaona kuti wasowa kolowera. Chikwama cha buluu chinalibe ntchito apa, pakuti nyama inali yonse ndipo bwana anali ataima pamsana pake. Akawotcha, adyetsa ana a eni chinthu chimene mayi ake sakanachiyika pangolo. Akakana pamaso pa anzake a Gregi, ndiye kuti wapita, ndipo mwana wake sadzaiona Canada. Kumwetulira kuja kunali kudakali pankhope, koma misozi inali italengeza.

Musaganize kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo. Ndinaganiza za miyezi ija ndinkatsuka mbale kunyumba, za mashifiti awiri a mayi anu, za imvi zanga, za inu awiri muli pasukulu. Ndinachita mantha kwambiri. Koma ine pasipoti ya dziko lino ndinali nayo kale m'kabati, ndipo palibe akanandikweza ndege. Pansi pa tebulo panali chigubu cha jiki chotsukira ziwiya. Ndinachitenga, ndinakwera m'vani, ndinavundukula mathileyi onse n'kuthira monga anandiphunzitsira Bambo Namate, mwini wake akuona, kuchokera kona iyi kufika kona iyo, osasiya ngakhale kamtengo kamodzi. Pamene Gregi ankazindikira chimene chikuchitika, fungo linali litafika kwa ogulitsa chimanga a pa tenti yachitatu.

Anatukwana mawu amene sindingalembe m'buku lowerenga ana anga. Atatopa anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana chigubu, ndipo ndinaona kuti mutu wake wayamba kulumikiza zinthu.

"Nkhuku zimasowa zija," anatero motsitsa mawu, maso akupita kwa Noi. "Ndani?"

"Ndine," ndinatero. "Kuyambira pachiyambi. Ndimataya kuseri kwa shopu ya matayala. Mayiyu sadziwa kanthu, amangophika zimene wapatsidwa."

Anakhulupirira mosavuta, pakuti m'mutu mwake munthu wa ku Thailand akanatha kuba, koma osati kutaya nyama ya bwana wake, ndipo jiki inali m'manja mwanga. Anandiuza kuti ndivule epuloni ndipo ndisadzapondenso pamalo pake. Ndinavula, ndinaipinda bwinobwino, ndipo ndinamuuza chapansipansi kuti nambala ya oyang'anira zaukhondo ndili nayo, ndipo tsiku limene vani yopanda dzina ija idzaimanso kukhomo la kumbuyo ndidzaimba. Noi anali atawerama akusenda papaya, ndipo tsiku limenelo tenti inagulitsa saladi ndi mpunga basi. Ndinakwera basi ndikununkha jiki, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi n'kusamukira mpando wina.

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

Mayi anu sanandiombere m'manja. Nditawafotokozera anati, "Bambo a Tadala, ndiye mwadzichotsetsa ntchito chifukwa cha mayi wa zithumwa uja? Osangomuripota mzunguyo bwanji? Nanga renti tilipira ndi jiki?" Anali ndi chifukwa chokwiyira, pakuti mashifiti awiri aja anabwereranso, ndipo mawondo amene amawavuta lerowa anayambira nthawi imeneyo. Gregi anauza aliyense womufunsa za ine kuti ndinkamubera nyama, ndipo nkhaniyo inayenda mpaka inafika kutchalitchi kwathu, kumene inakula n'kukhala yoti ndinkagulitsa nkhuku za mzungu kwa Amalawi a ku Brampton. Sitinaitsutse, chifukwa kuitsutsa kunali kutchula Noi. Chimenecho chinandiwawa kuposa ntchito. Munthu amene ndinakana ziphuphu za mabutchala ndili mnyamata, kukalamba ndi dzina la wakuba nkhuku!

Pamene ndinali paulova, Lachinayi lililonse m'mawa ndinkakakhala m'kashopu ka khofi koyang'anana ndi khomo la kumbuyo la Gregi, pawindo penipeni kuti azindiona. Vani ija inabwera kamodzi, woyendetsa anandiona ndikumuonetsa foni, ndipo anadutsa osaima. Sinabwerenso. Pambuyo pake ndinapeza ntchito yokolopa m'nyumba ina yosungira okalamba ku Hamilton, ndikuyendera sitima, ndipo ndi kumeneko kumene ndinapumira. Inali ntchito yolemetsa, ya malipiro ochepa, ndipo mayi anu sankalephera kundikumbutsa kuti penshoni yathu ndinaithira jiki.

Za Noi sindinamve kanthu zaka zingapo, ndipo ndivomere kuti ndinayamba kuganiza kuti mwina amuna a tebulo la pakona ananena zoona, kuti wangomwetulira n'kundiiwala. Kenaka Lamlungu lina masana, titangochokera kutchalitchi, belu linalira. Chisomo, ndiwe unatsegula, ngakhale sindikudziwa ngati ukukumbukira. Pakhomo panali Noi atanyamula mapoto okulunga m'nsalu, ndipo pambali pake panali mtsikana wamtali kuposa iye, atavala jekete latsopano lomukulira. Mapepala anali atatuluka, Noi anali atachoka kwa Gregi n'kuyamba tenti yakeyake, ndipo mwanayo anali atafika mwezi womwewo. Anati sanabwere kale chifukwa analibe nkhope yobwera nayo asanakhale ndi choti andionetse. Analankhula naye mwanayo m'chinenero chawo, ndipo mtsikanayo anavula nsapato, anagwada pakapeti pathu, anaphatikiza manja n'kuwerama mpaka chipumi kukhudza pansi patsogolo panga. Ndinasowa poyang'ana. Mayi anu, amene anali ataima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye penshoni yathu ija ndi imeneyi," anatero. Kenaka anapita kukamudzutsa, n'kumukhazika pampando wawo umene inu simuloledwa kukhalapo. Za jiki sanadzatchulenso.

Tsono, Tadala, pita. Zimene alemba pafonipo uziwerenga monga ndinkamverera a tebulo la pakona, ukufunsa kuti munthuyu ankadya mumsewu uti ndipo amacheza ndi ndani. Ine sindikuuza kuti dzikolo ndi labwino kapena loipa, pakuti ndimadziwako munthu mmodzi yekha, ndipo kashelefu kake sindinakamvetse mpaka lero. Chipewa cha njinga yamoto ugule ukangofika, ndipo udye pangolo imene akudyapo a mumsewu womwewo, osati pamene pafola alendo okhaokha. Munthu akakuvomera akumwetulira, usathamangire kunena kuti wamudziwa. Uyang'ane chimene manja ake akuchita.

Tsiku lija Noi anatsegula mapoto patebulo pathu, ndipo pamwamba panali kanyenya wa nkhuku, wotentha, wonunkhira nyumba yonse. Mayi anu ananditsina pansi pa tebulo kuti ndisayerekeze kuchititsa manyazi alendo. Koma ine nkhuku sindidya ndisanaione mkati, kaya waphika ndani. Nditati ndidzuke ndikatenge mpeni, ndinaona kuti pambali pa mbale yanga pali kale wina, wakuthwa bwino, wosakhala wa m'nyumba mwathu. Noi anali atabwera nawo m'chikwama cha buluu chija.